Mdulidwe wa kuchipatala: bwanji tikutumiza ana, eni akefe n'kumatsalira?

Aphunzitsi a ku Ngabu
Akuluakulu a m'gulu lino, mwaswera bwanji kuyambira ku Thabwa mpaka ku Marka? Ndabwera ndi nkhani imene ambiri timaikamba monong'ona. Sukulu zikangotsekera, pamzere wa mdulidwe kuchipatala pamadzaza anyamata a sekondale. Wandevu mumuona mmodzi kapena awiri, nayenso atakhala chapatali, akunamizira kuti waperekeza mwana. Chonsecho amene tili pa chiopsezo chotenga kachilombo ka HIV lero lino ndi ife a zaka 25, 30, 40, amene tili ndi kandalama m'thumba, timayenda maulendo, tili pabanja, ndipo ena tili ndi kwina kumene sitikutchula. Chimatiletsa n'chiyani? Musandiuze zoti sitikudziwa, pa wailesi analengeza mpaka makutu anatopa. Tikambe chilungamo, koma mwaulemu, muno muli apongozi.

Wakabaza wa pa Dyeratu
Aphunzitsi, inu mumalandira pakutha pa mwezi, kaya mwadwala kaya muli bwino. Ine ofesi yanga ndi chishalo. Tsiku limene sindinapalase, kunyumba ufa sufika. Ndiye ndikadulidwe, ndikhale pakhonde nditamanga chitenje cha mayi a kunyumba, ana adya chiyani? Njinganso si yanga, mwini wake amafuna yake madzulo alionse, za bala langa alibe nazo ntchito. Amati mdulidwe ndi waulere. Ndi waulere kwa amene akudya kwa makolo ake.

Bambo a Chikondi, Livunzu
Apa mwalasa achimwene. Nyengo yozizira imene amati ndi yabwinoyo ndi yomwe ife tili kalikiliki kudimba, madzi atangophwa. Ukachedwa kubzala chinyezi chathawa. Ukati udikire, ndiye thonje. Ukati udikirenso, dzuwa la Okutobala lafika.

Msodzi wa ku Chiromo
Nanga ife a m'madzi? Tsiku lonse m'chiuno muli monyowa, pokankha bwato m'mabango, poonjola ukonde. Amati bala lisanyowe. Ndimva bwanji zimenezo ine wopeza ndiwo m'dambo? Ndiponso ndinamva kuti ndi mwezi ndi theka osagwira ntchito. Mwezi ndi theka ukonde uli pamtanda, anzako akupha mlamba, iwe ukuwerenga nkhuku pabwalo.

Anamwino athu (opuma ntchito)
Abale anga, pali zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza, ndipo n'zimene zimathawitsa ambiri. Masiku opuma ntchito ndi ena, masabata 6 ndi ena. Kudulako pakokha sikutenga nthawi, mphindi 30 kapena kucheperapo, atakubayani jakisoni wochititsa dzanzi pamalopo, ndipo mumabwerera kwanu tsiku lomwelo ndi miyendo yanu. Pakatha masiku 2 mumakachotsetsa bandeji, pakatha masiku 7 mumakaonetsanso bala. Wa mu ofesi kapena wa pagolosale amayambanso ntchito patangopita masiku ochepa. Masabata 6 aja ndi a za kuchipinda basi. Kunja bala limaoneka louma msanga, koma khungu limakhala likadali lanthete, ndipo munthu akafulumira ndiye amatsegulira kachilombo khomo m'malo molitseka.

Koma achimwene a kabaza sakunama. Chishalo chimakhudza pomwepo. Sabata yoyamba njinga muiiwale, ndipo ena amafunika kuonjezera masiku malinga ndi mmene wokuonaniyo waonera bala. Inunso asodzi, bala lokhala ndi ulusi silifuna kuviikidwa m'madzi a m'dambo. Si mwezi ndi theka ayi, koma si tsiku limodzinso. Amene angakuuzeni kuti simutayapo kanthu sakukuuzani zoona.

Za dzuwa, bambo a Chikondi, bala limapola nyengo iliyonse likakhala laukhondo ndi louma. Kungoti ndi kutentha kwa m'chigwa muno, thukuta ndi fumbi, kulisamala kumavuta, n'chifukwa chake anthu amakonda Juni ndi Julaye.

Wakabaza wa pa Dyeratu
Mwayankha bwino mayi. Koma sabata imodzi yomweyo kwa ine ndi lendi ya nyumba.

Mayi a Tadala, Nchalo
Amuna mukungokamba za ndalama, nanga za ife bwanji mukuzilambalala? Taganizani, banja la zaka 15, ana anayi, bambo n'kungodzuka m'mawa kuti ndikupita kumdulidwe ndikadziteteze ku kachilombo. Funso loyamba la mkazi aliyense ndi lakuti mudziteteze kwa ndani? Ine ndili nako? Kapena kuli wina kumene mumati mukukaona ng'ombe ku Ngabu kuja? Amuna amadziwa kuti funsoli libwera, ndiye amangozisiya.

Tsono mkazi ukati uyambitse ndiwe, waputa mavu. Akufunsa kuti wadziwa bwanji kuti odulidwa ndi abwino, unakaonera kuti? Mnzanga wina anangotchulako atamva kusikelo, nkhani mpaka inakafika kwa ankhoswe. Mapeto ake onse awiri amakhala duu, aliyense kuopa kuoneka wachimasomaso. Okonza mauthenga aja akanayamba ndi ife, kusikelo ndi ku banki mkhonde, n'kutiuza za ukhondo ndi za matenda a amayi. Koma mawu oti "dzitetezeni" okhawo, m'nyumba ya anthu okwatirana amamveka ngati mlandu.

Mwana wa ku Marka (ndili ku Joni)
Koma asisi, masabata 6 amenewo inuyo mungapirire? Amuna ena amaopa kuti akamachira apeza pamalo pali wina, kkkk.

Mayi a Tadala, Nchalo
Achimwene, inu munachoka liti kumudzi? Alamu athu akupirira zaka, inu mukudandaula masabata 6?

Bambo a Yamikani
Ine ndinapita nditadutsa kale zaka 40, ndiye ndikambe zimene ndinaziona. Chopweteka ndi jakisoni woyamba uja. Akangobaya, basi, umangomva kuti akukugwira. Dzanzi likatha madzulo kumawawa ndithu, koma panado amakwanira. Vuto limabwera m'bandakucha thupi likadzuka lokha, ulusi n'kumakoka. Anandilangiza kuti ndizikodza ndisanagone, ndipo zikayamba ndizidzuka kukakodzanso. Zinathandiza.

Koma si ululu umene unatsala pang'ono kundibweza. Pabenchi ndinakhala ndi ana, ena mwa iwo anzake a mwana wanga. Wina mpaka anandigwadira, amvekere, "Mwaswera bwanji bambo a Yamikani, Yamikani ali mkati?" Ndinangoti eya, ali mkati. Kulowa m'chipindamo, wondithandiza ndi mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Ntchito yake anaigwira bwino, ulemu wonse, sindingamunenere choipa. Koma munthu wolera ana kuvula pamaso pa mwana wotere, kwathu kuno si chinthu chapafupi. Anzanga amene tinapangana nawo anabwerera pageti atangoona mzere, mpaka lero sanapitenso.

Pakanakhala tsiku la akuluakulu okhaokha, kaya Loweruka kaya madzulo, khomo lake lapadera, komanso munthu n'kumatha kupempha kuti amuthandize mwamuna mnzake, ambiri akanapita. Za kuchipinda, poti ndikudziwa kuti ndi zimene mukufuna kufunsa koma manyazi akukugwirani, zonse zili m'malo mwake, ndipo kachitsirizira kathu kanabadwa pambuyo pake. Amene amati munthu amasanduka gojo sanapiteko.

Agogo a ku Makhanga
Ndikulembetsa mdzukulu wanga, maso anatha. Ife Asena ndi anzathu Amang'anja za kudula sitinakule nazo. Tinkazimva kwa Ayao ndi jando lawo, ndi kwa Alomwe ena a kumapiri uko. Mnyamata wa kuno ankakula ndi malangizo a akulu, kudziwa khasu, kudziwa bwato, kulemekeza apongozi, thupi lake lili lonse. Atate anga anapita kumanda ali choncho, agogo anga chimodzimodzi. Tsopano mukabwera n'kumati wosadulidwa ndi wauve, mukutukwana amene anatibala. Ndimawamva anyamata pamsika akuseka anzawo. Mawu amenewo ndi amene amaumitsa mitima ya akuluakulu, chifukwa palibe amene amapita kumene akumunyoza.

Ndifunseko ndine nkhalamba. Ku Mangochi ndi ku Machinga kumene amadula kuyambira kalekale, matendawa kulibe? Maliro a Edzi sanalire kumeneko?

Wamalonda wa ku Mangochi, ndili pa Nchalo
Agogo, ndagwada. Ine ndine Myao, Msilamu, kundagala ndinapita ndili mwana. Maliro tinalira nafenso, ambirimbiri. Jando lili ndi zake. Ngaliba wina ankachotsa khungu lonse, wina kansonga chabe, ndipo kale mpeni umodzi unkayenda pa anyamata onse. Potuluka ena ankauzidwanso kuti akachotse fumbi. Masiku ano makolo ena kwathu amayamba apititsa ana kuchipatala, kenaka kundagala kukalandira mwambo wokha. Ngakhale wamkulu amene akukayika ngati anamudula mokwanira akhoza kukaonetsa kuchipatala.

Ndichotsenso mantha amodzi amene ndimawamva pamsika pano. Mpeni wa dokotala sulowetsa munthu Chisilamu. Chisilamu munthu amalowa ndi mtima wake ndi pakamwa pake. Amene amati boma likufuna kukusandutsani Asilamu sanatifunse eni akefe.

Mkulu wa mpingo, kwa Tengani
Ndionjezerepo pa za chipembedzo. Ena mumpingo amawerenga Agalatiya n'kumati Paulo analetsa. Chimene Paulo ankakana ndi choti munthu adulidwe kuti apulumuke. Pa mutu 5 ndime 6 akunena kuti kudulidwa kapena kusadulidwa sikuli kanthu mwa Khristu. Ndiye kuti sikukuonjezera chiyero, sikukuchotseranso. Ambuye Yesu mwini wake anadulidwa ali ndi masiku 8. Nkhawa yanga ili pena. Ndamvapo anyamata obwera kumeneko akuti, "Ine ndinadula, kondomu ya chiyani?" Ngati uthenga ukufika motero m'midzi, ine monga mkulu wa mpingo ndiulimbikitsa bwanji?

Aphunzitsi a ku Ngabu
Agogo, pa za kunyoza ndili nanu. Mphunzitsi amene amayamba phunziro ndi kutukwana makolo a mwana ndiye kuti wataya kalasi yonse. Koma si ife tokha amene tinakumana ndi funso la mwambo. Aluo a ku Kenya, anthu a m'mbali mwa nyanja ya Victoria, asodzi ngati anzathu a ku Chiromo, sankadula, ndipo mitundu ina ya kumeneko inkawanyoza nazo mpaka m'ndale. Mu 2008 Raila Odinga, Mluo mnzawo amene panthawiyo anali nduna yaikulu ya dzikolo, anaimirira poyera kulimbikitsa amuna a mtundu wake kuti apite kuchipatala, ndipo anapita ambiri zedi. Sanasiye kukhala Aluo. Ku South Africa nako, mu 2009 mfumu ya Azulu, Goodwill Zwelithini, inauza anthu ake kuti ayambirenso mdulidwe umene unasiyidwa kalekale, koma uzichitikira kuchipatala. Kumeneko anayankhula ndi eni mtundu. Kuno kwathu nkhaniyi inabwera pagalimoto ya chimkuzamawu, ndi nyimbo zovinitsa ana. Mwamuna wa zaka 40 sangatsatire galimoto yovinitsa ana.

Agogo a ku Makhanga
Takhuta aphunzitsi. Mfumu ikanena pabwalo ife timamva. Koma funso langa la ku Mangochi simunaliyankhe.

Bambo a Chikondi, Livunzu
Pepani ndadula nkhani, pali amene akufuna mbuzi ziwiri zazikazi? Mtengo tikambirana.

Woyang'anira gulu
Bambo a Chikondi, malonda ndi Lachisanu. Lero tili pa nkhani ina.

Mwana wa ku Marka (ndili ku Joni)
Kusiya nthabwala, ine chimene chimandivuta ndi zimene amanena zija, zoti mdulidwe umateteza ndi 60 pa 100. Kondomu yokha ukaigwiritsa ntchito bwino imaposa pamenepo. Ndiye ndipweteke thupi langa chifukwa cha chitetezo chosakwana, kenaka ndizivalabe kondomu? Phindu lake lili pati? Ndiponso anaziwerenga bwanji zimenezo?

Anamwino athu (opuma ntchito)
Ndiyankhe agogo ndi mwana wa ku Marka pamodzi, chifukwa funso lawo ndi limodzi. Agogo, mukafanizira boma ndi boma simungaone bwino, poti kachilombo kamayenda ndi zambiri: misika, nyanja, maulendo, kuchuluka kwa zibwenzi, ndiponso kadulidwe kake monga anenera achimwene a ku Mangochi. N'chifukwa chake akatswiri anachita kafukufuku wa mtundu wina. Anatenga amuna opanda kachilombo a dera limodzi, ofuna okha kudulidwa, n'kuchita maere: ena adulidwe pompano, ena adikire. Onse ankalandira uphungu ndi makondomu mofanana. Anachita zimenezi ku Orange Farm ku South Africa, ku Kisumu ku Kenya ndi ku Rakai ku Uganda, amuna oposa 10,000 onse pamodzi. Zotsatira za ku Orange Farm zinatuluka mu 2005, zinazo mu 2007. Konse kutatu kafukufuku anamuimitsa nthawi isanakwane, chifukwa kusiyana kunaonekeratu ndipo kukanakhala kulakwa kupitiriza kudikiritsa enawo. Mu 2007 momwemo mabungwe a zaumoyo a dziko lonse, WHO ndi UNAIDS, analangiza mayiko ngati lathu kuti ayambe ntchitoyi. Ku Rakai munali amuna mpaka a zaka 49, choncho zoti ine ndakula zisakhalepo.

Tanthauzo la 60 pa 100 ndi ili: pamene amuna 10 osadulidwa akanatenga kachilombo kwa akazi, mwa odulidwa amatenga pafupifupi 4. Anayiwo ndi anthu, n'chifukwa chake akulu a mpingo akunena zoona, kondomu siichoka. Khungu lakunsonga lija mkati mwake ndi lofewa ndi lonyowa, limachita timing'alu pogonana, ndipo lili ndi maselo ambiri amene kachilombo kamalowerapo. Likachoka, potsalapo pamauma n'kulimba.

Tsono mwana wanga wa ku Joni, ndikufunse. Kondomu umavala ulendo uliwonse? Utamwa mowa? Ndi chibwenzi chimene mwakhala nacho chaka chathunthu? Kondomu imagwira ntchito tsiku limene waikumbukira. Mdulidwe umachitika kamodzi, ndipo umakhalapo ngakhale tsiku limene nzeru zathawa.

Mwana wa ku Marka (ndili ku Joni)
Mayi, funso limenelo ndiyankha kumbali, muno muli alamu anga.

Mayi a Mphatso, Nsanje boma
Ine ndifunse za ife amayi. Mwamuna akadulidwa, ineyo ndapindulapo chiyani? Ndikufunsa chifukwa mkulu wanga tinamuika m'manda ndi khansa ya khomo la chiberekero, anapita kuchipatala mochedwa. Anamwino wina anatiuza pamaliro pomwepo kuti kachilombo koyambitsa khansayi kamachokera kwa amuna, eni ake osadziwa n'komwe. Ngati mdulidwe ukuthandiza pamenepo, bwanji sakutiuza momveka? Imeneyo ndiye nkhani imene mkazi angapite nayo kwa mwamuna wake popanda kufunsidwa kuti unakaonera kuti.

Ndipo amuna a kuno musamangoloza jando la anzathu. Ifenso tili ndi zathu. Kupita kufa, mwambo wogona ndi wamasiye pofuna kumuyeretsa uja, mafumu analetsa, koma tonse tikudziwa kuti m'midzi ina zikuchitikabe usiku. Wodulidwa kaya wosadulidwa, zimenezo zitithera anthu.

Woyang'anira gulu
Pali bambo wina wandilembera kumbali, sakufuna kutchulidwa. Akuti: "Ine ndimafuna, koma ndimaopa kuyezedwa magazi. Akandipeza nako n'kundibweza, onse pamzere adziwa chifukwa chake. Komanso khungu amachotsalo limapita kuti? Kwathu amati amaligulitsa kunja, ena amati amapangira zizimba."

Anamwino athu (opuma ntchito)
Mayi a Mphatso, pepani ndi imfa ya akulu anu. Kachilomboko dzina lake HPV, ndipo dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ikupha amayi kwambiri pa dziko lonse. Kafukufuku wa ku Rakai yemweyo anaonetsa kuti amuna odulidwa sasunga HPV kwambiri, ndipo akazi awo amakatenga mocheperapo. Kumachepetsa, sikuthetsa, ndiye kukayezetsa khomo la chiberekero musasiye, ndipo ana aakazi akalandire katemera wa HPV amene boma linayamba kupereka mu 2019. Koma pa HIV ndinene mosabisa: mwamuna amene ali nako kale akadulidwa, mkazi wake satetezeka ndi mdulidwewo. Akafulumira kugona naye bala lisanapole, ndiye amamuika pa chiopsezo chachikulu. Mkazi wa bambo wotere amatetezeka mwamunayo akamamwa ma ARV mokhulupirika mpaka tizilombo titachepetsetsa m'magazi.

Bambo olembera kumbali, kuyezetsa amakulimbikitsani koma sakukakamizani, ndipo zotsatira amakuuzani muli awiri m'chipinda. Wopezeka nako saletsedwa kudulidwa ngati thupi lili bwino. Komanso anthu amabwezedwa pa zifukwa zambiri: BP yakwera, shuga sali bwino, pali chilonda kapena chinzonono chofunika kuchiza kaye. Wobwerera pamzere sizitanthauza kuti ali ndi kachilombo. Chimene ndingakupempheni n'chakuti ngati mantha anu ali pa kuyezetsa, yambani ndi kuyezetsako, mdulidwe ubwere pambuyo. Zilipo zipangizo zoyezera wekha kunyumba.

Khungu lija limatayidwa pamodzi ndi thonje la magazi ndi zinyalala zina za kuchipatala, n'kukatenthedwa. Mukumbukira za anamapopa mu 2017, mmene mphekesera zinaphetsera anthu osalakwa ndi kuimitsa ntchito za umoyo m'maboma ena a kuno kummwera. Musanalowe muli ndi ufulu wofunsa wokuthandizaniyo kuti akuuzeni kumene akalitaye.

Aphunzitsi a ku Ngabu
Ndawerenga zonse, ndipo ndikuona kuti mwa onse amene ayankha palibe amene sakudziwa. Agogo ndi mwana wa ku Marka okha ndi amene afunsa ngati zimagwiradi ntchito. Enanu mukunena za ufa, za funso la mkazi, ndi za benchi yokhala ndi ana. Ntchitoyi anaikonzera mwana wa sukulu: alibe banja, sadyetsa munthu, ali pa tchuthi, amabwera ndi anzake akuseka. Ndipo mabungwe akamawerenga manambala, mwana wa zaka 15 ndi bambo wa zaka 35 onse ndi mmodzi mmodzi, ndiye amathamangira wosavuta kumupeza.

Za ufa zija anaziyesapo ku Kenya komwe kuja. Amuna a zaka 25 mpaka 49 anawalonjeza makuponi ogulira chakudya akadulidwa, kuti abwezereko ndalama yoyendera ndi ya masiku osagwira ntchito. Mwa amene sanalonjezedwe kanthu anapita osakwana 2 pa 100. Mwa amene analonjezedwa makuponi okwera, a madola 15, anapita pafupifupi 9 pa 100. Taonani kusiyanako, komanso taonani kuti ngakhale ndi chakudya ambiri sanapitebe. Ufa ndi mbali imodzi chabe.

Mayi a Tadala, Nchalo
Pa za masabata 6 ndi funso la mkazi, ine ndili ndi nzeru ya amayi. Mkazi akachira, mwambo wathu womwewu umati bambo adikire mpaka mwana atatengedwa. Kuchipatalanso amati mayi apume masabata 6. Nanga bwanji bambo osapita nthawi yomweyo? Onse awiri mukuchira, palibe wodandaula mnzake, palibe wofunsa kuti mphasa yatalikirana bwanji. Ndipo kunena zoona, nthawi imeneyo ndi imene amuna ambiri amazembera kunja. Ali ndi ulusi tione ngati angazembe.

Bambo a Yamikani
Kkkk mayi a Tadala mwaganiza mozama. Koma madzi akatunge ndani, nonse muli chigonere?

Mayi a Tadala, Nchalo
Apongozi amabwera kudzathandiza chikuta, simukudziwa? Adzasamale odwala awiri.

Wakabaza wa pa Dyeratu
Ife pa siteji tili ndi kathumba kamene timasonkha, wina akachita ngozi kapena maliro akamugwera timamupatsako. Mwina tikhoza kugwirizana kuti wopita kumdulidwe azilandirako ya ufa ya sabata imodzi, mmodzi mmodzi, osati tonse nthawi imodzi siteji n'kutsala yopanda njinga. Ndikazitula Loweruka. Sindikulonjeza kanthu, chifukwa amene amasunga thumbalo ndi woyamba kunena kuti makungu amagulitsidwa.

Msodzi wa ku Chiromo
Ine ndamva, mwina mphepo ikavuta m'dambo nsomba zitasowa ndidzayesa. Koma tikapite kuti? Matenti aja ankabwera pafupi sitikuwaonanso. Kuchokera kuno kukafika kuchipatala chachikulu ndi ndalama, ndipo mwanena kuti ndi maulendo atatu. Madzi akasefukira ngati nthawi ya namondwe wa Freddy ndiye njira imathera pomwepo.

Anamwino athu (opuma ntchito)
Ndalama zambiri za ntchitoyi zinkachokera ku boma la America kudzera ku ndondomeko yake yolimbana ndi Edzi yotchedwa PEPFAR. Mu Januwale 2025 boma limenelo linaimitsa thandizo lopita kunja. Za ma ARV zinaloledwa kupitirira, koma ntchito zambiri zopewera matenda, kuphatikizapo mdulidwe, zinakhudzidwa. Ndiye musangonyamuka. Funsani kaye alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, kapena ku chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kuti akuchita tsiku liti ndiponso kuti. Mufunsenso ngati bandeji ndi kuonetsa bala mungakachitire pa chipatala chaching'ono chapafupi, kuti ulendo wautali ukhale umodzi.

Chimodzi chokha ndikuchondererani. Kutalika kwa chipatala kusakupititseni kwa munthu wa lumo kumudzi. Ndipo mukabwerako, pabala musaikepo phulusa, dothi, ndowe kapena mankhwala a zitsamba, ngakhale anene ndani kuti zimaumitsa msanga. Kafumbata amalowera pamenepo, ndipo kafumbata amapha. Kuno kwathu kwa ng'ombe ndi mbuzi zambiri ndiye muchenjere kawiri. Muwauze a kuchipatala ngati simukumbukira kuti katemera wa kafumbata munalandira liti. Magazi akamatuluka osasiya, pakatupa kwambiri, pakatuluka mafinya, kapena mukalephera kukodza, thamangani tsiku lomwelo, musadikire tsiku limene anakulemberani.

Bambo a Chikondi, Livunzu
Nanga popita tinyamule chiyani, mayi?

Anamwino athu (opuma ntchito)
Buku lanu la kuchipatala, ndi kabudula wamkati wochapa bwino, wogwira thupi kuti bandeji isamagwedezeke. Musambe, mudye kaye, mowa ayi. Pobwerera musapalase nokha, mupeze wokunyamulani.

Wakabaza wa pa Dyeratu
Pamenepo ndiye mundiimbire ine. Ndimayendetsa pang'onopang'ono pa mabampu, koma mtengo ndi womwewo.